Zigamba Zisanu ndi Zinayi pa Parachuti ya Amake Chawe

Kwa Wapampando,
Komiti Yoona za Chitetezo,
Mpikisano wa Maroketi a Ophunzira a m'Mayunivesite.

Bwana Wapampando,

Imelo yanu inafika Lachiwiri m'mawa, ine ndikupukuta mipando yopinda ya kutchalitchi imene ndakhala ndikulonjeza kubweza kwa milungu isanu ndi umodzi. Mwana wanga Chawe anatsika masitepe, n'kuika foni yake patebulo, n'kubwerera kuchipinda. Ndinavala magalasi n'kuiwerenga kawiri, pakuti Chingerezi chake chinali chosalala. Munati timu ya yunivesite yake siiloledwa kuulutsa roketi pa 14 Juni, chifukwa parachuti yaikulu inapsa malo asanu ndi anayi. Munafunsanso, mwaulemu wanu wonse, kuti moto unaipeza kuti nsaluyo pamene roketi sinaulukepo n'kamodzi komwe.

Ana aja sakuyankhani funso limenelo. Ndi ana oleredwa bwino, akubisa munthu wamkulu. Munthuyo ndine.

Dzina langa ndine Jairos Chimbalanga, wa ku Dudley konkuno. Kwathu ku Ntcheu ndinkaphunzitsa jogalafe kusekondale. Kuno ndimasambitsa ndi kudyetsa okalamba kunyumba yowasungira, ndipo tsiku lopuma mudzandipeza ku laibulale, pampando wa pafupi ndi hita. Pakati pa Amalawi a kuno ndimadziwika kuti ndine wowerenga. Mkangano ukabuka, kaya ndi wa chaka chimene njanji inafika ku Limbe, kaya wa kutalika kwa mwezi, anthu amati tikawafunse a Chimbalanga. Ndikunena izi kuti mudziwe kukula kwa mutu umene unalakwa.

Mundikhululukire polemba m'Chichewa. Chingerezi ndimachidziwa, koma chiyambire kumapeto kwa Malichi chikumandithera pakamwa ndikafika pa nkhani iyi. Womasulira simuvutika kumupeza. Lowani m'wodi iliyonse kuyambira ku Birmingham mpaka ku Telford, mudikire nesi wathu amalize shifiti. Nafenso imelo yanu inatisowetsa womasulira, ngakhale tonse m'nyumba muno tinapita kusukulu.

Parachuti imeneyi sinagulidwe m'sitolo. Malamulo anu amapereka mapointi ochuluka kwa timu imene yadzipangira yokha zipangizo, ndipo Chawe, amene amatsogolera gawo lotsitsa roketi pansi, anapempha amake kuti amuthandize. Mkazi wanga, malemu a Callista, anali nesi wa kuthiyeta, koma makina osokera anawadziwa asanadziwe jekeseni. Mwezi wonse wa Januwale tebulo lathu lodyera linali lodzaza nsalu yoterera, yofiirira ndi yoyera. Chawe ankayeza ndi kudula, amake ankasoka. Zidutswa khumi ndi ziwiri, msoko uliwonse kawiri. Ankakangana, wina m'Chichewa, wina m'Chingerezi, n'kumamvana bwinobwino.

Ine ndinali pomwepo, Bwana, mamita awiri kuchokera patebulopo, nkhope ili m'buku. Ndipo bukulo linali la maroketi. Ndinabwereka atatu ku laibulale kuti ndizitha kuyankha anthu kutchalitchi. Ndinawerenga za injini, za mafuta ake, za liwiro. Mitu yonena za kutsika ndinkaidumpha. Ndivomere pano zimene sindinavomerepo kwina: zinkandichititsa manyazi pang'ono kuti mwana wanga ali ku gawo la kugwa. Anthu akandifunsa, ndinkangoti amapanga roketi, n'kuloza kumwamba. Tsiku lina ndinalankhula mopusa kuti bwanji osapempha kuti amusamutsire ku injini. Amake sanadzutse n'komwe mutu pa makina. Anangoti, "Abambo a Chawe, kuponya chinthu m'mwamba ngakhale woledzera amatha. Ntchito ndi kuchibweza kunyumba chili chamoyo." Ndinaseka n'kutembenuza tsamba. Nsaluyo itatambasulidwa yonse sindinaione, chifukwa tsiku limene anakaiyesa ine ndinali ndi nkhani yofunika kuimaliza.

Pa 29 Malichi a Callista anagwa pamalo okwerera basi akuchokera kuntchito. Mtsempha wa m'mutu. Sanadzukenso.

Sindikudziwa mmene mumachitira maliro kwanu. Kwathu munthu salira yekha, ndipo kuwoloka nyanja sikunasinthe zimenezo. Pofika mawa lake anthu anali atafika kuchokera ku Small Heath, ku Wolverhampton, ku Telford, ena oti sindinawaonepo. Masofa anatulutsidwa, makatani anatsekedwa, amayi anakhala pansi m'chipinda chochezera, Chawe ali pakati pawo, pakuti namfedwa sayendayenda. Amuna malo awo ndi panja. Lamulo limeneli linapangidwa ndi anthu amene sanaonepo mvula ya ku Dudley, koma ndi lamulo, ndipo inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti lamulo silifunsa za nyengo.

Tsiku lachitatu masana mvula inayamba, ya mawawa ija yosadziwa kuleka. Amuna khumi ndi asanu anali kuseri kwa nyumba, makolala ali m'mwamba. A Wallace, mkulu wa mpingo wathu amene ankayendetsa zonse, anandinong'oneza kuti kodi m'nyumba muno mulibe kalona kapena katenti. Ine namfedwa sindinayenera kudzuka. Koma munthu wachisoni amalakalaka kantchito kogwira ndi manja. Ndinakumbukira chikwama chakuda chimene ndinachiona kunsi kwa masitepe. Parachuti inali itabwerera kunyumba kuti amake alimbitse msoko umodzi, ine osadziwa. Ndinachitenga chikwamacho n'kuchipereka ndi manja awiri.

Titaitambasula, amuna onse anayamikira. Inali yopepuka, yozungulira, mamita atatu ndi theka, ndipo zingwe khumi ndi ziwiri zinali zomangiriratu m'mphepete mwake. A Wallace anati azungu akapanga tenti amaganiza zonse. Tinamanga zingwe ku mpanda, ku shedi, ku paipi ya madzi, ndi ku mtengo wa maapozi wa aneba. Chinthu chimodzi chokha chinawadodometsa: pakatikati panali bowo lozungulira, losokedwa bwino m'mbali. Wina anati n'chilema cha kufakitale. Wina anati pasowa mzati. Kenako onse anatembenukira kwa ine, monga amachitira nthawi zonse.

Bwana Wapampando, inu mukudziwa kuti bowo limenelo ndi lotulutsira mphepo kuti roketi isamagwedezeke potsika. Panopa nanenso ndikudziwa. Zili pa mutu wachisanu ndi chiwiri wa buku lija. Koma tsikulo ndinakonza kukhosi n'kuwafotokozera kuti anthu okhala m'matenti, kuyambira ku zipululu za ku Asia mpaka ku madambo a ku America, amasiya bowo pamwamba kuti utsi uzitulukira. Ndinatchula mitundu ya anthu itatu. Ndinajambula ndi chala m'mwamba mmene mpweya wotentha umakwerera. Onse anagwedeza mitu. Ndipo pomvera nzeru zanga, anakoka mbaula yowotchera nyama ya a Wallace n'kuiika pansi penipeni pa bowolo, n'kusonkha makala.

Utsi unkatulukadi. Pamenepo pokha sindinalakwe. Koma makala ogula kuno amathetheka, ndipo timoto take sitinawerenge jogalafe.

Safunsa anadya phula. Mwana wanga anali kuseri kwa khoma limodzi lokha.

Mawa lake kunabwera anzake anayi a mu timu, atavala zakuda, atanyamula maluwa. Anawatsogolera ndi Harvey, mkulu wa timu yonse, mnyamata wamtali wa mawu apansipansi. Mtsikana mmodzi analowa kwa amayi, anyamata atatu anaperekezedwa kuseri kwa nyumba monga mwa mwambo, n'kupatsidwa mipando yabwino pafupi ndi moto. Anakhala pansi. Anayang'ana kumwamba. Ndipo sanatsitsenso maso kwa ola lathunthu. Makala akathetheka, Harvey ankatsinzina, milomo ikugwedera. Tinawapatsa tiyi, anamwa akuyang'anabe kumwamba. Atachoka, a Wallace anadzudzula ana athu obadwira kuno, amvekere taonani ana a azungu mmene akupempherera pamaliro a munthu wosamudziwa, inu muli pa foni.

Sananene kanthu, Bwana. Ulemu wa kwathu unawakhazika pansi pa parachuti yawo, ulemu wa kwawo unawatseka pakamwa. Mvula itakata tsiku lotsatira, a Wallace anaiyanika, n'kuipinda mwaukhondo, n'kuibweza kunsi kwa masitepe, n'kundithokoza.

Imeneyo ndiyo mbiri ya mabowo anu. Tsopano ndiloleni ndithokoze, pakuti mwatichitira zambiri.

Choyamba, zikomo chifukwa cha chipepeso. Ana anakulemberani kuti kunagwa zovuta, ndipo imelo yanu inayamba ndi chiganizo chathunthu chotiuza kuti maganizo anu ali nafe pa nthawi yovutayi. Ndinawerenga mawu ake, analipo khumi. Kwathu wobwera kudzapepesa amakhala pansi, nthawi zina tsiku lonse, osanena kanthu, ndipo zimatha nthawi. Inu munapepesa n'kufika pa mawu akuti "komabe" mpweya usanathe. Luso limeneli ndikanakonda a Wallace ataliphunzira.

Chachiwiri, zikomo potikumbutsa kuti njira inalipo. Chipangizo chikawonongeka, timu imadzaza Fomu Yosinthira Chipangizo, ndipo khomo lake linatsekedwa pa 15 Epulo, 12 koloko masana. Tsikuli silivuta kukumbukira m'nyumba muno. Pa 15 Epulo, 12 koloko masana, Chawe anali ataima m'mphepete mwa manda, dothi lili m'manja. Fomuyo imafuna siginecha ya mtsogoleri wa gawo lotsitsa roketi, ndiye iyeyo. Harvey anaisindikiza, anayenda nayo m'thumba la jekete masiku khumi ndi awiri, anafika nayo mpaka kumanda, koma analephera kuitulutsa. Ndikumva kuti mu lipoti lanu mwalemba kuti mnyamatayu analephera utsogoleri. Mukunena zoona. Mtsogoleri weniweni akanamugwira mwana wamasiyeyo paphewa nyimbo ili mkati, n'kumupatsa cholembera. Ndikhulupirira pofika chaka chamawa mudzakhala mutamuphunzitsa.

Chachitatu ndi mabokosi. Ngakhale nthawi inali itatha, ndinaitenga fomuyo kuti ndiiwerenge, poti kuwerenga ndiye ntchito yanga. Pa funso lakuti chinawononga chipangizo n'chiyani pali mabokosi anayi: pouluka, potera, ponyamula, posunga. Ndinakhala nayo madzulo onse. Sinali pouluka, ngakhale mphepo inkaitukumula ndithu. Sinali potera. Bokosi la maliro palibe, la anamalira othawa mvula palibe, la bambo wodziwa zonse palibenso. Sindikudandaula. Fomu imene ingakwane zopusa zonse za anthu ingatalike kuposa roketi.

Chachinayi, ndipo apa ndiye ndinavula chipewa, zikomo chifukwa cha malangizo. Ndime yachitatu ya imelo yanu ikuti parachuti yokonzedwa siiloledwa, ndipo timu ikanachita bwino kugula yatsopano kwa opanga odziwika. Ana anasangalala mphindi imodzi. Ndime yachinayi ikuti parachuti yatsopano ndi chipangizo chosinthidwa, chofunika Fomu Yosinthira Chipangizo, imene inatsekedwa pa 15 Epulo. Yakale ayi, yatsopano ayi. Chaka changa choyamba kuyendetsa galimoto m'dziko muno ndinalowa pa raundabauti ina ku Birmingham n'kuzungulira kasanu ndi kawiri, amake Chawe akuseka mpaka misozi. Koma ija inali ndi potulukira, vuto linali ine. Yanuyi mwaimanga bwino kuposa ija.

Chachisanu n'chachifupi. Mwawaitana kuti abwere pa 14 Juni adzaonerere anzawo, ndipo mwawalimbikitsa kudzayesanso chaka chamawa. Chawe akumaliza sukulu mu Julayi. Amene anasoka nsaluyo sadzasokanso ina.

Pano ndisiye kaye nthabwala, ngati zinali nthabwala. Sindikukutsutsani pa kuopa kwanu. Roketi imeneyi imalemera makilogalamu makumi awiri ndipo imakwera makilomita atatu. Parachuti ikang'ambika, chimene chimatsika si roketi koma mkondo, ndipo pansi pamakhala ana a eni. Ndangoika kumene munthu m'manda, sindikufuna kuti nyumba ina itulutse masofa chifukwa cha ine. Mukanati mwaigwira nsaluyo, mwaikoka, mwaona kuti siingapirire, bwenzi ndisanatole cholembera. Koma chimene munaona ndi chithunzi chimodzi, chimene ana anakutumizirani okha mwa kukhulupirika kwawo, chojambulidwa mabowo asanatsekedwe.

Zimene zinachitika pambuyo pa chithunzicho simunafune kuzimva, ndiye ndikuuzani. Patatha sabata chiikireni maliro, Chawe anatsegula chikwama chija n'kumva fungo la utsi. Ndinamupeza atagwada pansi, chala chili m'bowo. Ndinaulula zonse, mpaka za zipululu za ku Asia. Ndinkayembekeza kuti akalipa, ndipo ndinkafuna kuti akalipe. Anandiyang'ana, n'kundiuza m'Chingerezi chake kuti palibe kanthu, Dadi, munkafuna kuti anthu asanyowe. Kenako anakandipangira tiyi. Ndamwapo mankhwala owawa m'moyo uno, koma tiyi ameneyo sindidzamuiwala.

Mwanayu anali asanapondepo makina osokera. Ntchito yake inali kuyeza ndi kudula basi. Anawavundukula, n'kupeza ulusi wa amake udakali momwemo. Sabata yoyamba anathyola masingano asanu ndi imodzi. Ankaphunzira pa mapilo akale, pa malaya anga a kuntchito, kenako pa zotsala za nsalu ija zimene amake anasunga m'chitini cha mabisiketi. Ankatembenuza misoko ya amake n'kumawerenga kuti pa sentimita imodzi singano yalowa kangati, kuti wake ufanane nawo. Ine ntchito yanga inali kugwira nsalu kuti isaterereke patebulo. Aka kanali koyamba kuigwira ndikudziwa chimene ndagwira. Bowo lililonse analidula bwino m'mbali, n'kuikapo chigamba kuwiri konse, n'kusoka kawiri. Zigamba zisanu ndi zinayi, milungu itatu.

Kenako anapita nayo ku bwalo lakale la ndege kufupi ndi Telford, n'kuimangirira kumbuyo kwa galimoto ya Harvey pamodzi ndi chida choyezera mphamvu. Nthawi ino ndinapita nawo, buku ndinalisiya kunyumba. Galimoto inathamanga, chikwama chinatseguka, ndipo nsalu inatukumuka ndi phokoso longa la chitseko chomenyedwa ndi mphepo. Anabwereza kasanu, komaliza pa mphamvu yoposa kawiri imene malamulo anu amafuna. Palibe ulusi umene unasomphoka. Anakutumizirani kanema ndi manambala onse. Munayankha kuti komiti siingatsegule zinthu zotumizidwa nthawi itatha, kuti pasakhale kukondera. Ndikumvetsa. Munthu akaona, amayamba kudziwa, ndipo akadziwa kuweruza kumavuta. Ine ndi amene ndingakuuzeni bwino za ubwino wosayang'ana: ndinakhala mwezi wathunthu pafupi ndi nsalu imeneyi mtima uli m'malo.

N'chifukwa chake sindikulemba ngati munthu wokuposani. Ine ndi inu tili m'gulu limodzi, Bwana, la anthu odziwa zinthu kudzera pa pepala. Kusiyana kwake n'kwakuti ine ndinalakwa nditaimirira pamvula, pamaso pa amuna khumi ndi asanu, ndipo mpaka lero ndikafika kutchalitchi wina amandifunsa ngati utsi ukutuluka bwino kunyumba. Inu muli ndi mwayi woti simunamalize kulakwa.

Pempho langa ndi laling'ono, ndipo ndikulipereka nditagwada. Sindikupempha mapointi. Achotseni onse, muwaike ana amenewa pa nambala yomaliza, mulembe dzina langa mu lipoti kuti matimu a m'tsogolo azichenjera ndi makolo owerenga. Sindikupemphanso kuti mukhulupirire mawu anga, pakuti mwaona kumene mawu anga amafikitsa anthu. Ndikungopempha kuti pa anthu asanu ndi awiri a m'komiti yanu mutumize mmodzi amene ali ndi manja. Abwere aigwire. Akoke chigamba chilichonse ndi mphamvu zake zonse, abwere ndi chida chake choyezera ngati sakhulupirira cha ana. Ikang'ambika, ndidzaipinda ndekha, ndipo simudzamvanso za ine. Ikapirira, muilole ikwere kamodzi kokha n'kutsika, ngakhale kunja kwa mpikisano, ngakhale anthu onse atapita kukadya. Ngati malamulo anu alibe ndime yolola munthu kukhudza chinthu asanachiweruze, mundiuze nambala ya fomu yopemphera ndime yoteroyo, ndi tsiku limene inatsekedwa.

Roketi ili ku labu ya yunivesite, yopentedwa, yopanda injini. Parachuti ili patebulo lathu lodyera, yopindidwa mmene Chawe amapindira, ndipo ife tikudyera pamiyendo. Misoko khumi ndi iwiri ndi ya amake, zigamba zisanu ndi zinayi ndi zake. Fungo la utsi silinatheretu. M'nyumba muno tatsala awiri, ndipo kwatsala masiku khumi ndi asanu ndi limodzi.

Ine wanu wodzichepetsa, amene anapereka tenti,

Jairos Chimbalanga
Dudley, 29 Meyi